Lipoti la wodwala: COVID-19 yoopsa mwa bambo wa zaka 58 wodwala shuga, amene ankaoneka ngati akuchira malungo

Bambo amene ndikufotokoza m'lipotili tinawagoneka pa chipatala china cha boma m'chigawo chakummwera mu Januwale 2021, mliri wa COVID-19 utabweranso kachiwiri mwamphamvu. Ndi mwezi umene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mtundu wa kachilomboka umene unkafala nthawi imeneyo ndi uja anaupeza ku South Africa kumapeto kwa 2020, womwe pambuyo pake anautcha Beta. Katemera anali asanafike m'dziko muno, anadzafika mu Malichi.

Ndasankha nkhani yawo chifukwa ikuonetsa bwino chinthu chimene chinatilanda odwala ambiri: matendawa amakula m'sabata yachiwiri, nthawi imene wodwala ndi abale ake akuganiza kuti zoopsa zapita. Dzina lawo ndi zonse zowazindikiritsa ndazichotsa.

Mbiri ya matenda

Bambowa ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito, wolemera makilogalamu 84. Akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 6 ndipo ankamwa metformin. Ali ndi BP, koma mankhwala ake ankamwa modumphadumpha. Sasuta fodya. Kumapeto kwa Disembala anagona pasiwa pa maliro a mlamu wawo, m'nyumba yodzaza anthu, ena atangofika kumene kuchokera ku Johannesburg. Patatha masiku 5 anayamba kumva kuphwanya m'thupi, mutu ndi kutentha thupi. Tsiku limeneli ndilo ndikuliwerenga ngati tsiku loyamba la matenda, ndipo masiku onse m'lipotili akuyambira pamenepa.

Tsiku lachiwiri anapita ku chipatala chaching'ono cha kwawo. Anawayeza malungo pa kachipangizo kapachala, anapezeka nawo, ndipo anawapatsa LA ndi panado. Palibe cholakwika pamenepa, pakuti inali nyengo ya mvula ndipo malungo anali ponseponse. Vuto ndi lakuti malungo atapezeka, aliyense anasiya kufunsa mafunso ena, kuphatikizapo eni ake. Tsiku la 4 anazindikira kuti sakumva fungo la ndiwo, ndipo anayamba kutsokomola kopanda makhololo. Tsiku la 5 ndi la 6 thupi linazizira, anadya nsima, anayendako panja. Ankadzifukiza ndi masamba a bulugamu m'mawa ndi madzulo, n'kumamwa mandimu, jinja ndi adyo monga ankachitira anthu ambiri nthawi imeneyo. Tsiku la 8 ankati akapita ku bafa n'kubwerera, ankakhala kaye pansi kuti apume. Usiku wa tsiku la 9 akazi awo anaona kuti akupuma mofulumira ali m'tulo, ndipo kutacha anawakakamiza kubwera.

Zimene tinapeza

Anatsika okha m'galimoto n'kuyenda mpaka pa benchi. Ankalankhula bwinobwino osadukiza. Anandiuza kuti, "Adokotala, ine ndili bwino. Malungo aja anatha, kwangotsala kufooka basi. Ndi mayiwa andikakamiza." Koma kachipangizo koyezera okosijeni pachala kanaonetsa 78 peresenti. Namwino anafunditsa dzanja, anasintha chala, anabweretsa kachipangizo kena, koma nambala sinakwere. Ankapuma ka 34 pa mphindi, mtima unkagunda ka 112, thupi linali pa madigiri 37.9, BP inali 148/90, ndipo shuga anali 340 mg/dL. Pomvetsera m'chifuwa, kumunsi kwa mapapo onse awiri chakumsana kunkamveka kuthetheka. Miyendo inali yosatupa.

Magazi anaonetsa maselo oyera okwana 7.8, chiwerengero chabwinobwino, koma ma lymphocyte, mtundu wina wa maselo oyerawa, anali 0.6 okha, otsika kwambiri. Hemoglobin inali 13.4. Creatinine, amene amaonetsa m'mene impso zikugwirira ntchito, anali atakwera pang'ono. HIV analibe. Pa maikulosikopu sitinaonenso tizilombo ta malungo. Makhololo ochepa amene anatha kutulutsa tinawayeza TB pa GeneXpert, ndipo inalibe. Ekisire inaonetsa mawanga oyera m'mapapo onse awiri, ambiri cham'mbali ndi kumunsi, opanda mphako ndiponso opanda madzi m'mphepete mwa mapapo. Zimene tinatenga m'mphuno ndi kathonje zinatsimikiza pa PCR kuti ali ndi SARS-CoV-2, kachilombo koyambitsa COVID-19. D-dimer (woonetsa kuundana kwa magazi), CRP (woonetsa kutupa m'thupi) ndi mpweya wa m'magazi a mumtsempha waukulu sitinayeze, chifukwa labotale yathu inalibe zoyezera.

Malinga ndi malangizo a WHO, munthu wamkulu amene okosijeni wake ali pansi pa 90 peresenti asanaikidwe mpweya, kapena amene akupuma kuposa ka 30 pa mphindi, ali ndi COVID-19 yoopsa. Bambowa anali ndi zonse ziwiri, ngakhale kuti anabwera akuyenda okha.

Chifukwa chake sankamva phuma

Funso limene ophunzira athu ankafunsa kawirikawiri ndi ili: zikutheka bwanji munthu kukhala pa 78 peresenti n'kumacheza? Yankho lili m'mene thupi limadziwira kuti mpweya ukuperewera. Chimene chimachititsa munthu kubanika kwambiri si kuchepa kwa okosijeni ayi, koma kuchuluka kwa mpweya woipa wa carbon dioxide m'magazi, komanso kuuma kwa mapapo kumene kumachititsa kuti kupuma kukhale ntchito yolemetsa. Kumayambiriro kwa chibayo cha COVID-19 mapapo amakhala akadali ofewa. Munthu amayamba kupuma mofulumira osazindikira, carbon dioxide amatuluka mosavuta, ndipo ubongo sulandira uthenga woti zinthu zavuta. Pamene izi zikuchitika, magazi akudutsa m'zigawo za mapapo zimene sizikulandiranso mpweya n'kubwerera ku mtima opanda okosijeni wokwanira. Mapapo abwino amatseka timitsempha topita ku zigawo zotere kuti magazi apite kumene kuli mpweya, koma mu COVID-19 ntchito imeneyi imasokonezeka.

Ndiye wodwala akanena kuti ali bwino, amanena zoona za m'mene akumvera. Ife ndi amene tiyenera kuwerenga kapumidwe kwa mphindi yathunthu n'kuyeza okosijeni. Pa khungu lathu lakuda kusintha mtundu kwa milomo sikuoneka msanga, moti kudikira chizindikiro chimenecho n'kudikira mochedwa. Ngakhale kachipangizo kapachalako sikayenera kukhulupiriridwa kotheratu. Kafukufuku wa ku University of Michigan amene anatuluka mu Disembala 2020 anapeza kuti kwa odwala akuda, kachipangizoka kankabisa kuchepa kwa okosijeni pafupifupi katatu kuposa kwa azungu, kutanthauza kuti kankaonetsa nambala yokwera pamene m'magazi okosijeni anali wotsika. Kwa ife zimenezi n'zofunika tsiku ndi tsiku, chifukwa pafupifupi odwala athu onse ndi akuda. Ndikaona 90 pa wodwala amene akupuma ka 30, ndimamutenga ngati ali pansi pa 90.

Zimene kachilomboka kamachita m'mapapo

SARS-CoV-2 ndi kachilombo ka RNA kokutidwa ndi kachikopa ka mafuta, n'chifukwa chake sopo amakawononga. Pamwamba pake pali timinga ta puloteni yotchedwa spike. Timinga timeneti timagwira puloteni ya ACE2 imene ili pa maselo a m'mphuno, pakhosi, m'mapapo ndi m'matumbo, kenako puloteni ina ya selo lomwelo, TMPRSS2, imadula spike ija kuti kachilomboka kalowe. Kusamva fungo kumene bambowa anaona tsiku la 4 kumabwera makamaka chifukwa cha kuwonongeka kwa maselo ochirikiza minyewa yomvera fungo m'mphuno, ndipo n'chifukwa chake ambiri fungo limabwerera pakapita nthawi.

Kachilombo ka SARS kamene kanayambira ku Guangdong mu 2002 kamagwiranso ACE2 yemweyo. Kanadwalitsa anthu pafupifupi 8,000 ndipo kanapha pafupifupi mmodzi pa 10 alionse. Ka MERS, kamene kanapezeka ku Saudi Arabia mu 2012 ndipo kamachokera ku ngamila, kamagwira puloteni ina yotchedwa DPP4, ndipo kapha pafupifupi mmodzi pa odwala atatu odziwika. Tonse tiwiri timapha kwambiri kuposa SARS-CoV-2, koma sitinafale ngati iko. Mu SARS, kachilombo kankachuluka kwambiri m'sabata yachiwiri, munthu atadwala kale ndipo mwina ali m'chipatala. Mu COVID-19 kamachuluka m'mphuno ndi pakhosi nthawi imene zizindikiro zikungoyamba, ngakhale tsiku limodzi kapena awiri zisanayambe. Amene anapatsira bambowa pasiwa paja mwina ankaimba nawo nyimbo ali bwinobwino.

Kwa anthu ambiri nkhani imathera m'mphuno ndi pakhosi. Thupi limatulutsa msanga ma interferon, timankhwala toletsa kachilombo kuchulukana, kachilombo kamachepa, munthu n'kuchira m'sabata imodzi. Kwa ena, makamaka achikulire, amuna, onenepa ndi odwala shuga, chitetezo choyambachi chimachedwa. Kachilombo kamatsikira m'timatumba ta mpweya n'kulowa m'maselo amene amapanga surfactant, madzi oterera amene amachititsa kuti timatumbati tisaphwe munthu akatulutsa mpweya. Maselowa akafa, timatumba timadzaza madzi ndi zinyenyeswa za maselo, ndipo makoma ake amakutidwa ndi kachikopa kolimba kamene okosijeni sadutsa mosavuta. Apa chitetezo cha m'thupi chimadzuka mochedwa koma mopyola muyeso. Maselo oyera amadzadza m'mapapo, timankhwala toyambitsa kutupa monga IL-6 timachuluka, pamene ma lymphocyte m'magazi amatsika monga tinaonera kwa bambowa. Zili ngati moto wa m'tchire: mlenje amene anauyatsa wapita kale, koma tchire likupsabe. Pofika tsiku la 9 kapena la 10, kachilombo kamakhala katayamba kuchepa, ndipo chimene chikuwononga mapapo kwambiri ndi kutupaku.

Kumvetsa magawo awiriwa ndiko kumatiuza nthawi yopereka mankhwala. Kafukufuku wa RECOVERY ku UK, amene zotsatira zake zinalengezedwa mu Juni 2020, anaonetsa kuti dexamethasone (mankhwala ochepetsa kutupa pofooketsa chitetezo cha m'thupi) wa 6 mg kamodzi pa tsiku kwa masiku osapitirira 10 anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu kwa odwala a pa makina opumira, ndi gawo limodzi mwa asanu kwa odwala a pa okosijeni. Kwa amene sankafuna okosijeni sanathandize, ndipo panali chizindikiro choti akhoza kuvulaza. Ndinkadandaula kwambiri kuona anthu akugula dexamethasone kapena prednisolone m'mafamase tsiku lachiwiri la chimfine, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene thupi likufunika chitetezo chake chonse.

Chisamaliro m'wodi

Tinayamba ndi timapaipi ta m'mphuno pa malita 5 kuchokera ku konsentireta, makina osefa okosijeni mu mpweya, ndipo okosijeni anangofika 86. Tinasinthira ku masiki yokhala ndi kathumba pa malita 15 kuchokera ku silinda, n'kufika 92. Pamenepa pali masamu amene aliyense wogwira ntchito m'wodi yotere ayenera kuwadziwa. Silinda yaikulu imakhala ndi malita pafupifupi 6,800. Pa malita 15 pa mphindi imatha pasanathe maola 8, ndiye wodwala mmodzi amafuna masilinda oposa atatu pa tsiku. Namwino wa usiku ankalemba pa pepala ola limene silinda iliyonse ithere, kuti ina ikhale pafupi ndi bedi nthawi isanakwane. Ntchito imeneyi inapulumutsa anthu mofanana ndi mankhwala alionse amene tinapereka.

Tinawapempha kugona chafufumimba, mtsamiro pachifuwa ndi m'chiuno. Gawo lalikulu la mapapo lili chakumsana, ndipo munthu akagona chagada limapanikizika ndi mtima ndi zam'mimba pamene magazi ambiri akupitabe komweko. Akagona chafufumimba gawoli limatseguka. Pasanathe theka la ola okosijeni anakwera kuchoka pa 92 kufika 95. Poyamba ankakana chifukwa cha kupweteka kwa khosi ndi msana, koma namwino atawaonetsa nambala ikukwera pa chala chawo chomwe, anayamba kudzitembenuza okha. Akatopa ankagonera m'mbali.

Mankhwala anali dexamethasone 6 mg m'mawa uliwonse, enoxaparin 40 mg kamodzi pa tsiku kupewa kuundana kwa magazi, ndi ceftriaxone wopha mabakiteriya. Pa ceftriaxone ndinene maganizo anga: mabakiteriya sapezeka kawirikawiri mwa odwala COVID-19 pamene akungofika, ndipo tinamupereka chifukwa tinalibe njira yotsimikizira kuti palibe chibayo china. Tinamusiya pa masiku 5 titaona kuti palibe makhololo a mafinya ndipo maselo oyera sakukwera. Madzi a dripi tinapereka ochepa, chifukwa mapapo amene akudontha kale safuna madzi owonjezera, ndipo tinawalimbikitsa kumwa pakamwa. Metformin tinaimitsa, pakuti kwa munthu amene okosijeni ndi wotsika ndipo impso zikufooka akhoza kuchulukitsa asidi m'magazi.

Shuga ndiye anatipatsa ntchito yaikulu. Kachilomboka pakokha kamakweza shuga, ndipo dexamethasone amamukwezanso. Tsiku la 11 madzulo anafika 450 mg/dL. Tinayeza mkodzo, munalibe ma ketone, amene akanasonyeza kuti shuga wachulukitsa asidi m'magazi. Tinayamba insulin wokhalitsa m'mawa ndi usiku, ndi wofulumira pa chakudya chilichonse, n'kumayeza kanayi pa tsiku. Timapepala toyezera tikachepa, tinkasunga ta masana ndi madzulo chifukwa ndi pamene shuga ankakwera kwambiri. Tinapemphanso abale kuti asiye kutumiza zakumwa zotsekemera ndi phala la shuga, zimene ankatumiza mwachikondi poganiza kuti zibwezera mphamvu. Ena amaganiza zosiya dexamethasone shuga akakwera chonchi. Ine sindigwirizana nazo. Shuga tili ndi chomutsitsira, koma kutupa kwa mapapo pa chipatala ngati chathu kunalibe mankhwala ena nthawi imeneyo. Tocilizumab, amene amatsekereza IL-6, anadzavomerezedwa ndi WHO mu Julayi 2021, ndipo ife tinalibe.

Tsiku la 11 ndi la 12 anali masiku ovuta kwambiri. Akachotsa masiki kuti adye, okosijeni ankagwa kufika 84 m'mphindi ziwiri, ndiye ankadya ali ndi timapaipi ta m'mphuno, n'kubwezera masiki pakati pa mbamu. Nthawi imeneyi phuma linali litabwera ndithu, chifukwa mapapo anali atayamba kuuma. Tinakambirana zowatumiza ku chipatala chachikulu, koma mabedi a odwala kayakaya anali odzaza, ndipo ulendo wa ambulansi pa malita 15 unali woopsa pawokha. Tinagwirizana zopitiriza pompo.

Chinthu china chimene sichilembedwa pa tchati ndi kusungulumwa. M'zipatala zathu gadiyani ndi amene amasambitsa wodwala, kumudyetsa, ndi kuitana namwino zinthu zikasintha. M'wodi ya COVID-19 magadiyani sankaloledwa. Bambowa anaona anzawo a mabedi oyandikana akumwalira, ndipo kunja kunkamveka mphekesera zoti olowa m'wodi imeneyi satulukamo amoyo. Usiku wina anachotsa masiki n'kunena kuti akufuna kukafera kwawo. Namwino anaimbira akazi awo foni, n'kuigwirizira pakhutu pawo mpaka anavomera kubwezera masiki. Kuyambira pamenepo tinakonza zoti azilankhulana m'mawa ndi madzulo, ndipo ine ndinkauza mayiwo nambala za tsikulo mosabisa.

Kuundana kwa magazi

Kuyambira tsiku la 13 anayamba kupeza bwino, ndipo tinatsitsa okosijeni kufika malita 8. Tsiku la 15 masana anamva kubaya mwadzidzidzi kumanja kwa chifuwa akamakoka mpweya. Mtima unathamanga kufika 128, okosijeni anagwa kufika 85, koma m'chifuwa simunamveke chatsopano ndipo ekisire sinasinthe. Katumba wa mwendo wamanzere anali wotupa ndi wopweteka. Pa sikani, mtsempha wa kuseri kwa bondo sunkaphwa ukapanikizidwa, chizindikiro choti muli magazi oundana. CT ya mitsempha ya m'mapapo tinalibe, koma zonsezi pamodzi zinali zokwanira kunena kuti chibuluma cha magazi chachoka m'mwendo n'kukatseka mtsempha m'mapapo. Tinakweza enoxaparin kufika 80 mg kawiri pa tsiku, molingana ndi kulemera kwawo, ndi kubwezera okosijeni pa malita 15.

Izi zinachitika ngakhale kuti ankalandira kale enoxaparin wopewera, ndipo sizachilendo m'matendawa. Kutupa kumawononga khungu lam'kati mwa mitsempha ya magazi, magazi amakhala okonzeka kuundana, ndipo wodwala amakhala atagona masiku ambiri osayenda. Madokotala amene anapima mapapo a anthu omwalira mu 2020 anapeza kuti timagazi toundana m'timitsempha ta m'mapapo tinali tochuluka ka 9 mwa odwala COVID-19 poyerekeza ndi omwalira ndi fuluwenza. Choncho wodwala amene amachira kenako n'kugwa mwadzidzidzi, mtima ukuthamanga koma ekisire yosasintha, tiyang'ane miyendo yake tisanathamangire kusintha maantibayotiki.

Patatha masiku awiri kubaya kunachepa. Dexamethasone anatha pa masiku 10, ndipo tinatsitsa insulin mwamsanga kuopa kuti shuga angagwe kwambiri. Tinayamba warfarin, mapiritsi oletsa kuundana kwa magazi, enoxaparin akupitirira mpaka INR, muyeso woonetsa m'mene warfarin akugwirira ntchito, itafika pakati pa 2 ndi 3. Tsiku la 20 anali pa timapaipi ta m'mphuno pa malita 4, tsiku la 24 tinachotsa okosijeni, ndipo tsiku la 26 anatuluka ali pa 93 peresenti atakhala pansi ndi 90 akayenda m'khonde.

Pambuyo potuluka

Atabweranso patatha masabata 6 anali atatsika makilogalamu 7. Ankatopa msanga ndipo ankachita wefuwefu akakwera kachitunda ka kwawo, koma okosijeni anali 96 atakhala pansi ndi 93 atayenda mphindi 6. Fungo linali litabwerera pang'ono. Ekisire inaonetsa timizere totsalira kumunsi kwa mapapo. Shuga anali atatsika moti tinasiya insulin n'kubwerera ku metformin, impso zitayezedwa n'kupezeka bwino. Ankavutika kugona usiku ndipo ankalota za m'wodi muja, zimene tinakambirana nawo pamodzi ndi akazi awo.

Tinagwirizana kuti warfarin apitirire mpaka miyezi itatu ikwane, INR iziyezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo asamwe aspirin kapena brufen popanda kufunsa. Tinawauza kuti aziyenda tsiku lililonse mowonjezera pang'onopang'ono, ndi kubwera msanga akaona magazi m'chimbudzi, m'mkodzo kapena m'makhololo. Katemera wa AstraZeneca atafika kudzera mu COVAX, ndondomeko yapadziko lonse yogawira maiko katemera, tinawalangiza kuti abayitse ngakhale anadwalapo kale, ndipo anabayitsa. Tinawalembera tsiku la ekisire ina pa miyezi itatu, ndi kuwabwezera ku kiliniki ya shuga ndi BP.